Kabokosi ka Kampani pa Maliro a ku Chawama

Chaka chimene ndinalowa ntchito

Dalitso ndi Tiyanjane, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili pampando womwewo umene ndinayambira, pamene ana amene ndinawaphunzitsa ndekha anakwera n'kukhala mabwana anga. Iwe Tiyanjane unafika ponena kuti mwina amayi anali aulesi pa maphunziro. Ulesi, ine! Khalani pansi muwerenge, ndipo mukamaliza musadzandifunsenso.

Ntchito yanga yoyamba inali m'kashopu ka intaneti ku Matero, kuseri kwa msika. Anandilemba kuti ndizitayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi kusesa. Netiweki ikagwa, mwini shopu ankangogwira m'chiuno n'kuyang'ana kudenga, makasitomala n'kumatuluka akutukwana. Ine zinkandinyansa, ndiye ndinayamba kutsata mawaya ndi zala, kuzula uku, kulowetsa uko, mpaka ndinadziwa waya uliwonse kumene ukuchokera. Tsiku lina anabwera ba Daka, mwini wa kakampani kamene kankatigulitsa intaneti, anandipeza ndili chogwada pansi pa tebulo, fumbi mpaka m'tsitsi. Anandifunsa ngati ndimaopa kukwera pamalata. Ndinati ayi, ngakhale ndinali ndisanakwerepo. Mwezi wotsatira ndinayamba ntchito kwa iwo.

Zaka za makwerero

Kampani yathu inkagulitsa intaneti m'makomboni. Tinkaimika mlongoti padenga la nyumba ya munthu, ndipo m'nyumbamo tinkaikamo rauta, kabokosi kamene kamalandira intaneti n'kugawira mashopu ndi nyumba zoyandikana. Panja sitinkaika chifukwa cha mvula ndi akuba. Mwini nyumba ankasayina kuti adzaisunga bwino. M'kati mwa rauta iliyonse muli malamulo ake, amene ife tinkati konfigi, ndipo masiku amenewo kusintha ngakhale mzere umodzi kunkafuna kuti munthu apite komweko ndi miyendo yake. Ndinayenda, ana inu. Ku komboni ya Kanyama nthawi ya mvula ndinkalowa ndi majombo, madzi m'mawondo, laputopu nditaikulunga m'chitenge n'kuisenza pamutu. Ku komboni ya George anandigwetsapo galu pamakwerero. Zida zinali zosowa: mawaya tinkachita kulumikiza zidutswa, ndipo galimoto ya kampani inkakhala pamiyala nthawi yambiri kuposa pamsewu. Malaiti akapita, tinkakhala pakhonde la mwini nyumba kudikira.

Nyumba imene ndinkaikonda inali ya ku Chawama, kwa bashi Mwila ndi akazi awo bana Mwila, ndiko kuti bambo ake ndi mayi ake a Mwila, Abemba a kumpoto. Bashi Mwila anali kalipentala wopuma, munthu wamtali wosakonda phokoso. Rauta yathu anaikhomera kashelefu kakekake m'chipinda chochezera, pafupi ndi wailesi yakanema, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi. Bana Mwila anailukira kansalu koiphimba. Ine ndikafika ndinkakalipa kuti kansaluko kakuitenthetsa, iwo n'kuchotsa, ine ndikapita n'kubwezeretsa.

"Bana Dalitso, uyu ni mwana wa kampani," bashi Mwila ankatero. "Mwana wa bantu sungamusiye chabe pa fumbi."

Pakhomo pamenepo sindinachokepo ndisanamwe tiyi ndi kandolo, mbatata ija.

Chaka chimene pulogalamu inabwera

Marauta atachuluka, miyendo inalephera. Aliyense wa ife ankakonza mwa nzeru zake, moti rauta ya ku Kalingalinga ndi ya ku Mtendere zinkasiyana ngati zochokera ku makampani awiri. Wina akadwala, zimene anasintha ankadwala nazo. Ndiye ba Daka anabweretsa pulogalamu yoyendetsera marauta onse munthu ali mu ofesi. Umalemba konfigi kamodzi, n'kuikankha, ndipo imafika ku marauta onse nthawi imodzi. Rauta ikapezeka ndi malamulo osiyana ndi olembedwawo, pulogalamu imaibwezera yokha pamzere.

Anyamata ndi atsikana a ku koleji amene analembedwa nthawi imeneyo anaitola msanga. Ine ndinali ndi imvi kale, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti ine ba Zulu ndizingokwera malata, izi si zanga. Mawu amenewo anandiyaka mumtima. Loweruka lililonse ndinkapita ku ofesi ndekha, kutenga rauta yakale n'kumaikankhira konfigi, kuiwononga, kuikonza, kuiwononganso. Atate anu ankachapa okha mayunifolomu anu osadandaula, ankangoti, "Pita, ukaigonjetse." Pofika nthawi ya mvula, mtsikana wina wanzeru dzina lake Mutinta ankabwera kudzafunsa kwa ine, ndipo ine ndinkafunsanso kwa iye. Tinagwirizana njira yathu: yesa kaye pa rauta ya mu ofesi, kenako pa zingapo za pafupi, ukaona kuti zili bwino ndiye kankhira onse. Tsiku limene ndinakankha koyamba ku makomboni onse, manja anga anali thukuta lokhalokha. Timagetsi ta pa sikirini tinasanduka tobiriwira kamodzikamodzi, Kanyama, Matero, George, Chawama, ine nditakhala pampando, mapazi ouma. Ndinasangalala ngati mwana.

Ba Daka anaika lamulo lolimba: munthu asaimitse pulogalamu kapena kusintha rauta ndi dzanja. Lamulolo linali ndi chifukwa chake, poti mnyamata wina anachitapo zimenezo n'kugwetsa Matero yense tsiku lathunthu, ndipo anachotsedwa ntchito. Panalinso vuto la akuba. Marauta ankasowa n'kukapezeka pamsika, ndiye tinalemba lamulo lina m'pulogalamu. M'rauta iliyonse munali kasimukadi kouza ofesi kumene ili. Rauta ikayaka pamalo achilendo, pulogalamu inkadikira mpaka madzulo, kenako n'kuifufuta, kuitseka kuti isadzagwirenso ntchito, ndi kutumiza uthenga kwa alonda a kampani kuti apite ndi apolisi kwa amene anasayina. Lamulo limenelo ndinalemba ndine, ndipo linathetsa kuba.

Mvula ya chaka chotsatira

M'mawa wina ndinapeza Chawama yafiira pa sikirini. Ndisanamalize kuvula jekete, rauta ya kwa bashi Mwila inayaka, koma inayakira ku George. Pulogalamu inalemba kuti yabedwa, ndipo ichita zake madzulo. Ndinaimba foni ya bashi Mwila. Anayankha mayi amene sindinkamudziwa, kumbuyo kwake kukumveka nyimbo za kutchalitchi.

"Bashi Mwila batisiya dzulo, mayo," anatero.

Ndinatsitsa foni. Kenako ndinaona zonse mmene zinachitikira. Inu mukudziwa zimene timachita pamaliro: katundu yense wa m'chipinda chochezera amatulutsidwa, mipando, tebulo, wailesi yakanema, kuti azimayi akhale pansi ndi namfedwa. Amene anatulutsa anazula zonse zimene anapeza kukhoma. Rauta inatuluka ndi mipando, ndipo wachibale wina anainyamula. Ndinapita kwa ba Daka.

"Ba Daka, iyi ya ku Chawama si kuba. Ni maliro."

"Ba Zulu, maliro yali ku Chawama, rauta ili ku George. Yayenda yeka?"

"Banachosa katundu m'nyumba. Wachibale anatenga."

"Ndiye kuba kwamene uko. Pitani mukaitenge lelo, olo siyani pulogalamu igwire nchito yake."

"Muntu bakalibe kumuika! Ningayende bwanji kukakamba va katundu pamene mtembo ukali kumochale?"

Ba Daka sanali munthu woipa, musawaganizire choncho. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Naine niziba maliro, ba Zulu. Koma nikalola imwe lelo, mailo aliyense azaimika pulogalamu ati maliro. Lamulo muiziba. Musagwileko."

Ndinabwerera pampando wanga. Wosayina woyamba anali atamwalira. Wachiwiri papepalalo anali bana Mwila. Madzulo alonda ndi apolisi akanalowa pamaliro, pamaso pa achibale onse a mwamuna, n'kufunsa namfedwa za katundu wosowa. Ndipo ine ndinkadziwa kuti achibale ena anali kale ndi diso pa nyumba ija, poti bana Mwila anandiuzapo. Akanangoti, mwaona, wayamba kugulitsa katundu mwamuna asanaikidwe. Dzina limenelo silikanamuchoka, ndipo m'nyumbamo sakanakhalitsa. Mbali inayo kunali inu awiri muli pasukulu, ndiponso ba Daka anali atandilonjeza mpando wa mkulu wa netiweki. Pulogalamu inkalemba dzina la aliyense wogwira chilichonse, kotero kubisala kunalibe. Ndinaopa, sindikunama. Ndinapita kuchimbudzi kukasamba kumaso, n'kubwera, n'kuchotsa rauta ya bashi Mwila pansi pa lamulo la akuba.

Nditatero ndinakumbukira makasitomala. Mashopu ndi nyumba zonse zodalira rauta ija zinali mumdima. Pafupi panali marauta ena awiri, ina kwa wometa tsitsi, ina pasukulu ya mkaka. Ndinalemba konfigi yoti awiriwo asenze anthu a bashi Mwila, ndinaiyesa pa rauta ya mu ofesi monga mwa njira yathu, ndipo ndinaikankha. Intaneti inabwerera, koma yoyenda mokwawa. Ndiye ndinakagogoda kwa ba Daka.

"Nachita. Zina yanga ili pamenepo, simuzavutika kusakila."

Ba Daka anandifunsa kuti, "Mwaziba vamene mwachita?"

"Naziba."

"Chokani pamenso panga."

Ndinamanga chitenge, duku kumutu, n'kukwera minibasi ya ku Chawama. Panja azibambo anali pamipando ya bashi Mwila pansi pa tenti. Ndinavula nsapato, n'kulowa chogwada, n'kukhala pansi pakati pa azimayi. Kashelefu kaja kanali kopanda kanthu, waya ukulendewera, kansalu koluka katagwera pakona. Bana Mwila anali atagona pamatiresi, maso otupa. Atandiona anadzuka mwamantha n'kundigwira dzanja.

"Bana Dalitso, kabokosi ka kampani... nasakila, kulibe. Bazanimanga?"

Mwamuna wake ali kumochale, iye n'kumaganiza za kabokosi! Misozi inanditsika.

"Kulibe azakumangani. Kabokosi niziba kwamene kali. Imwe lilani bamuna banu."

Achibale ochokera kumpoto anachedwa panjira chifukwa cha mvula, ndiye maliro anakhalitsa. M'mawa uliwonse ndinkayamba ku ofesi kuona ngati marauta awiri aja akupirira. Makasitomala ankaimba n'kutukwana, ndipo foni zimenezo ndinkayankha ndekha, sindinapatsire mwana wa munthu. Ba Daka anasiya kundipatsa moni. Anzanga ankandiyang'ana ngati munthu wodwala matenda osachira. Mutinta yekha anabwera kudzandithandiza kugawa makasitomala pakati pa marauta awiriwo kuti ya kwa wometa tsitsi isatenthe. Ndikaweruka ndinkapita ku Chawama kukakhala pansi ndi azimayi. Za rauta sindinatchule kwa munthu aliyense.

Ataikidwa bashi Mwila

Tsiku lotsatira kuika, banja linakhala pansi kukamba za katundu. Ndinapempha mkulu wa banja, amalume ake a malemu, kuti andilole mawu pang'ono. Ndinagwada n'kunena kuti m'nyumbamo munali kabokosi ka kampani yathu. Anayankha ndi ba Kunda, mng'ono wa malemu, wokhala ku George.

"Kabokosi kaja ni ka bakulu banga. Tonse tinali kubaona bapukuta, bavinikila na nsalu. Muntu angasamale so chintu cha bene?"

Anthu anavomereza ndi mitu, ndipo kunena zoona funsolo linali lomveka. Chisamaliro cha bashi Mwila ndicho chinasokoneza abale ake. Ndikanatha kutchula apolisi pamenepo, nkhani n'kutha msanga, koma bana Mwila ndiye akanatsala ndi anthu amenewa moyo wake wonse, osati ine. Ndinati, "Ba Kunda, kampani yanituma kuti nikuyamikeni. Katundu unali panja, mvula inali kugwa, imwe munakasunga pouma."

Kampani sinanditume chilichonse, koma mawuwo anatuluka bwino. Kenako bana Mwila, amene sanayankhule chiyambire msonkhano, anadzutsa mutu.

"Mukwai, bamuna banga banali kusunga chabe. Banali kukamba ati ni mwana wa kampani. Mwana wa bene abwelele kwao."

Amalume aja anatembenukira kwa ba Kunda n'kuwauza kuti akatenge. Anabwera nako masana m'thumba la ufa. Pondipatsa anandikokera pambali.

"Manje munaziba bwanji kuti kali ku George?"

"Kanatiuza keka."

Anakayang'ana kabokosiko mokwiya, n'kupukuta manja pa buluku. Ndinakabwezera pa kashelefu kake, ndinalumikiza, ndipo ndinaimbira Mutinta kuti akankhe konfigi. Timagetsi tinayaka. Bana Mwila anatola kansalu kaja pakona, kukung'untha, n'kuphimba. Tsiku limenelo sindinakalipe.

Ba Daka sanandichotse ntchito. Anandiitana n'kundiuza kuti sangaike pampando wa mkulu munthu amene anaswa lamulo lake akudziwa. Mpandowo anapatsa Mutinta. Zinandipweteka kwambiri, ana anga. Ndinalira mu minibasi kuchokera m'tauni mpaka kwathu ku Mtendere, kondakitala n'kuchita kuopa kundifunsa. Atate anu anandimvetsera mpaka kumapeto, ndiye anafunsa kuti, "Nanga bana Mwila ali kuti?" Ndinati ali m'nyumba mwawo. Anati, "Basi, idya."

Koma ine sindinathere pamenepo. Ba Daka ananena zoona kuti dzanja la munthu lisamalowerere, ndiye ndinati chabwino, tilembe maliro m'pulogalamu momwemo. Anakana. Lolemba lotsatira pamsonkhano ndinabweretsanso. Anakananso, amvekere kampani si tchalitchi. Ndinabweretsa Lolemba lililonse, mpaka anzanga anayamba kunditcha ba Maliro, ndipo ndikangokweza dzanja ankayamba kuimba nyimbo ya kumanda chapansipansi. Ndinkaseka nawo, koma dzanja osatsitsa. Loweruka ndinabwerera ku ofesi ngati kale, kulemba ndi kuyesa pa rauta yakale ija, kuti tsiku limene adzavomere adzapeze zakonzeka. Nyengo yozizira itafika, maliro ena anagwa kwa wosunga rauta ku Kanyama. Mutinta, amene tsopano anali bwana wanga, analowa kwa ba Daka n'kutseka chitseko. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Potuluka anangoti, "Ba Zulu, kankhani."

Kuyambira tsiku limenelo zimayenda chonchi: pakhomo posunga rauta pakagwa zovuta, wa mu ofesi amalemba liwu lakuti maliro pambali pa dzina la rautayo. Pulogalamu imasamutsira yokha makasitomala ku marauta oyandikana, siifufuta, situma alonda, imadikira mpaka munthu wa kampani apite maliro ataikidwa. Mpando uja sunabwerere kwa ine. Ndinagwira ntchito pansi pa Mutinta mpaka kupuma, ndipo anali bwana wabwino.

Chaka chatha

Nditapuma, kampani inapempha kuika rauta kunyumba kwathu ku Mtendere. Atate anu ndiwo anakhoma kashelefu, kopendekera pang'ono, poti sanali kalipentala. Zotsatirazi munaziona ndi maso anu, koma chimodzi simunachidziwe. Atate anu atatisiya, iwe Dalitso ndi anzako munatulutsa mipando ndi zonse za m'chipinda chochezera. Unazula chilichonse kukhoma, monga mmene aliyense amachitira. Ine ndinali pamatiresi, sindinkaona kanthu.

Masana ndinakweza maso n'kuona waya ukulendewera pansi pa kashelefu. Mtima unangoti phaa. Rauta ili kuti? Yayakira kuti? Madzulo afika liti? Ndinayamba kufufuza foni m'chitenge, azimayi n'kumaganiza kuti ndikufuna kuimbira achibale. Ndinaimba ku ofesi. Anayankha Mutinta, ndipo sanandilole n'komwe kumaliza.

"Ba Zulu, tinalemba kale maliro m'mawa. Bantu banu tabapeleka ku rauta ya pa msika. Kulibe azabwela kumeneko, koma ise, kuzakhala naimwe. Ikani foni pansi."

Ndinakhala chigwirire foniyo, osadziwa chochita nayo. Pambali panga panali mayi wokalamba amene anakwera maminibasi awiri kuchokera ku Chawama, kunyumba kwake komwe kuja. Bana Mwila anandilanda foni m'manja, anaiika pansi pa matiresi, n'kundikokera pachifuwa pawo.

"Kabokosi baziba kwamene kali, bana Dalitso. Lilani bamuna banu."

Ndipo ndinawalira atate anu.